Injini ya a Kalaliki

Galimoto ya a Vitus Mbewe inali itakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Inali sitesheni wagoni yoyera, yaitali moti anthu a m'mudzimo, kwa Mavwere, ankaitcha chigafa cha fodya. Matayala ake a Vitus anawachotsa n'kuwasunga m'nyumba, galimotoyo n'kuikhazika pa njerwa. Nkhuku zinkaikira mazira kunsi kwake, koma m'kati simunkalowa kanthu, chifukwa magalasi onse ankakhala otseka ndipo kiyi ankakhala m'thumba la jekete la kutchalitchi. Chinafa ndi injini. Inagogoda tsiku lina akuchokera ku Kamwendo, ndipo makaniko ataitsegula anangopukuta m'manja n'kunena kuti imeneyi yapuma.

Sabata yomaliza ya Okutobala, akazi awo, mayi Veronika, anawaitanira kuchipinda. Mayiwo anali atagona chaka chathunthu ndi matenda a msana. Kuyankhula ankayankhula bwino, kudya ankadya, koma kukhala tsonga sankatha. Akangoyesa, thukuta linkatuluka pamphumi, ndipo ankaluma mlomo mpaka wina awagonekenso.

"Bambo a Dailesi, khalani apa," anatero. "Achemwali anga a Anasi atumiza mawu. Maso atheratu, ndipo sabata ino akana kudya kawiri. Akuti ngati ndikufuna kuwapeza akuyankhula, ndipite mvula isanagwe."

A Vitus anakhala pa mpando n'kuyang'ana pansi. A Anasi ankakhala kwa Dambe, kutsidya kwa dambo lalikulu la dothi lakuda. Mvula ikangoyamba, dambolo limadzaza, ndipo galimoto siwolokanso mpaka mu Epulo.

"Munalonjeza pamaso pa malume," mayi Veronika anawonjezera, osakweza mawu.

Analonjezadi. Zaka makumi anayi ndi ziwiri zapitazo, a Vitus sanakhale pa chikamwini monga ankachitira anzawo, chifukwa ntchito yawo yoyendetsa galimoto pa esiteti ya fodya sikanalola. Choncho anapempha chitengwa, kuti atenge mkaziyo apite naye kwawo. Amalume a Veronika anavuta masiku atatu, kenako anavomera, koma anaikapo mawu: tsiku lomwe mwana wathu adzati ndikufuna kwathu, mudzabwere naye nokha, osatuma munthu. A Vitus anawomba m'manja n'kuvomera. Nthawi imeneyo anali wanyonga, msewu uliwonse ankauona ngati waufupi, ndipo lonjezolo linkaoneka lopepuka.

Mwana wawo Dailesi anayesa njira zina. Anaimbira foni dalaivala wina wa timagalimoto tatsopano tomwe timanyamula anthu pakati pa Kamwendo ndi boma. Dalaivalayo atabwera, a Vitus anatenga chingwe, n'kuyeza matiresi a akazi awo, kenako n'kuyeza kumbuyo kwa galimotoyo mipando itapindidwa. Panaperewera mkono wathunthu. Za pikiapu mayi Veronika sankafuna n'kumva komwe. Anakwerapo mu Juni popita kuchipatala, ndipo kudumpha kwa kumbuyoko kunawasiya akubuula masiku anayi.

"M'wagoni muja matiresi awa amalowa onse, chitseko n'kutsekeka," anatero mayiwo. "Si mmene munanditengera kuchipatala ndili ndi pakati pa ameneyu?"

"Ilibe injini, Nabanda."

"Injini ilipo. Mukudziwa komwe ili."

A Vitus ankadziwadi. Mudzi wonse unkaimva Lamulungu lililonse.

Galimoto zinabwera ziwiri pa esiteti, tsiku limodzi, chaka chomwe a Vitus anakwatira. Zinali za kampani imodzi, mtundu umodzi, ngati ana a bere limodzi. Ukaima kutsogolo sukanazisiyanitsa: nyale zomwezo, boneti yomweyo, injini yomweyo. Kusiyana kunkayambira pa chitseko chachiwiri. Ina inali saluni, yaifupi, ya buti yotsekeka, yobiriwira ngati tsamba la fodya wosakhwima. Inali ndi mipando ya nsalu yofewa, wailesi, kawotchi pa dashibodi, ndipo magiya ake anali pansi, pakati pa mipando. Imeneyo ankayendera a manijala. Inayo inali wagoni. Mipando yake inali ya pulasitiki yootcha ntchafu dzuwa likawala, pansi panali labala m'malo mwa kapeti, magiya anali pa chiwongolero, ndipo wailesi munalibe. Koma inali ndi denga lofika kumapeto, kariya pamwamba, masipuling'i olimba kumbuyo, ndi mipando yomwe inkapindika n'kusiya malo osalala otalika kuposa munthu. Imeneyo inkanyamula matenanti odwala, ufa, feteleza, amayi oyembekezera, ndipo Loweruka timu yonse ya mpira inkalowamo, wapagolo atakhala pa tayala la sipeya.

Esiteti itatsekedwa, eni ake anasiyira antchito awiri okhalitsa galimotozo ngati chotsanzikira. Wagoni inapita kwa a Vitus omwe ankaiyendetsa. Saluni inapita kwa a Stefano Phiri, kalaliki wa mu ofesi, munthu wa tayi ndi ambulera. Kuyambira pamenepo awiriwa sankakumana osanyozana. A Stefano ankati a Dalaivala amayenda m'khola la mbuzi. A Vitus ankati a Kalaliki anapatsidwa galimoto yonyamula chipewa chokha. Ankaseka, anthu n'kumaseka nawo, ndipo pa maukwati galimotozo zinkayenda motsogozana, mkwatibwi m'saluni, akwaya ndi mphatso m'wagoni.

Kuseka kunatha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku lomwe mayi Consolata, akazi a a Stefano, anamwalira ku chipatala cha pa boma. Bokosi silikanalowa m'saluni. A Vitus anabwera ndi wagoni osadikira kupemphedwa, anapinda mipando, n'kuyendetsa pang'onopang'ono mpaka kumudzi. Potsitsa bokosi, pakamwa pawo panathamanga monga panazolowerera. "Mwaona a Kalaliki," anatero, "saluni ndi ya amoyo okha." Ankafuna kumupepuza mtima mnzawoyo. Palibe anaseka. A Stefano anawayang'ana kamodzi n'kulowa m'nyumba ya maliro. Kuchokera tsikulo ankangopatsana moni wa panjira, wa anthu osadziwana kwenikweni.

Dzinja lotsatira, mtengo wa bulugamu unagwera saluni ija n'kuphwanya buti ndi denga la kumbuyo. Sinayendenso. Koma a Stefano anakana kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Lamulungu lililonse akachokera kutchalitchi ankaliza injini mphindi khumi, iwo atakhala m'kati.

Lamulungu limenelo, atatuluka m'tchalitchi, a Vitus sanakhotere kwawo. Anakankha njinga yawo kudutsa m'minda yomwe inali itagalauzidwa kale, mizere ikudikira mvula. Kulira kwa injini anakumva asanaone nyumba. Saluni inali kuseri kwa nkhokwe, kutsogolo kukunyezimira, kumbuyo kutaphimbidwa ndi lona.

"Odi, a Phiri."

A Stefano anatsitsa galasi. Anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. "Lowani mbali inayo. Musaponde chigubu."

Pansi, kutsogolo kwa mpando wa kumanzere, panali chigubu cha malita asanu, ndipo kapaipi kankachokera m'menemo kudutsa pa kabowo kupita ku injini. Thanki ya saluni inaphwanyika ndi mtengo uja, ndiye injini inkamwera petulo m'chigubumo. Mpando unali wofewabe. A Vitus anazindikira kuti zaka zonsezi anali asanakhalepo m'galimotoyi. Pa esiteti ankangoitsuka. Pa galasi la pakati pankalendewera kolona ya mayi Consolata, ikugwedezeka pang'ono.

"Ikumveka bwino," anatero a Vitus.

"Imamwa oyilo watsopano chaka chilichonse. Koma simunabwerere kudzaiyamikira."

"Ayi."

Anafotokoza zonse: za a Anasi, za dambo, za chingwe chomwe anayezera matiresi, za lonjezo la kwa amalume. Ankayankhula akuyang'ana kawotchi ka pa dashibodi, komwe kankayendabe.

"Ndiye mukufuna mtima wa galimoto yonyamula chipewa muuike m'khola la mbuzi," anatero a Stefano.

"Ndikupempha, a Phiri. Ndidzabweza."

"Pomwe mwakhalapo pankakhala Consolata. Ikamalira chonchi ndimatseka maso, ndiye zimakhala ngati tikupita ku Chipata kukagula zitenje, iye akundiuza kuti ndikuthamangitsa. Mukaichotsa, Lamulungu ndizichita chiyani?"

A Vitus anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Mawu ndinayankhula pa maliro aja anali oipa. Ndakhala nawo zaka zonsezi. Pepani."

A Stefano anadikira mpaka mphindi khumi zitakwana, n'kuzimitsa injini. M'galimoto munangoti zii, kunja nkhunda zikulira.

"Ndamva," anatero. "Pitani bwino."

Lolemba ndi Lachiwiri mitambo inayamba kuunjikana chakumadzulo, mbali ya Zambia. Masana kunkatentha moti agalu ankakumba maenje pansi pa nkhokwe. A Vitus anangouza akazi awo kuti a Phiri akuganiza. Kenako, posowa chochita ndi manja awo, anatulutsa matayala m'nyumba, anawapopa ndi mpope wa njinga limodzi limodzi, anawamanga, n'kutsuka galimoto yopanda injini mpaka magalasi anawala. Anthu odutsa ankapereka moni n'kufulumira kuyang'ana kwina.

Lachitatu m'mawa anamva mabelu a ng'ombe. Ngolo inkabwera pang'onopang'ono, injini itakhazikidwa pa tayala lakale n'kumangidwa ndi zingwe. Pambali pake pankayenda Pemphero, mwamuna wa Dailesi, yemwe anali makaniko ku Kamwendo. Kumbuyo kunkabwera a Stefano, atavala tayi, ambulera ili m'khwapa.

"Anandiimbira okha dzulo, bambo," Pemphero ananong'oneza apongozi akewo, akuyang'ana pambali mwaulemu. "Anati ndisakuuzeni."

"Musandithokoze," a Stefano anatero a Vitus asanatsegule pakamwa. "Sindinachitire inu. Nabanda ndi amene anasambitsa Consolata. Ndabwera kudzaona nyumba yomwe mwana wanga akulowa, ngati ili yosesa."

Anamangirira tcheni pa nthambi yaikulu ya mango, n'kutulutsa injini yakufa ija. Ya a Stefano inatsika m'malo mwake, ndipo mabawuti onse anakumana ndi mabowo ake ngati anapangana. Pemphero anaseka yekha, nati magalimoto a masiku ano sachita zimenezi. Panavuta zing'onozing'ono. Waya wa chopondera mafuta wa wagoni unali utaduka, ndipo wa saluni unali waufupi, ndiye Pemphero analumikiza ndi waya wa buleki ya njinga. Mabuleki anali atauma. Batire anabwereka ya sola ya m'nyumba. A Stefano anakhala pa mpando pamthunzi masiku awiri onse akulamula, ngakhale sipanala sankaidziwa kukula kwake.

"Pang'onopang'ono pamenepo. Imeneyo inazolowera kunyamula a manijala, osati matumba a mtedza."

"Iphunzira ntchito ikadali ndi moyo," anayankha a Vitus ali kunsi kwa galimoto. Atatero anadzidzimuka, n'kumvetsera. Anamva a Stefano akutulutsa mpweya m'mphuno, kaphokoso ka kuseka komwe anali asanakamve zaka zisanu ndi zinayi.

Pemphero atafuna kutsitsa thanki kuti aione m'kati, a Vitus anakana. "Imeneyo musaikhudze, nthawi yatha. Tsiku lomwe ndinaimika galimotoyi ndinakhuthula petulo yense mpaka kadontho komaliza. Ndi youma, ndi yoyera." Pemphero anatsegula pakamwa, koma anakumbukira kuti akuyankhula ndi apongozi, n'kutsekanso.

Lachisanu masana anathira petulo, a Vitus n'kupotokola kiyi. Injini inalira ulendo wachiwiri. Nkhuku zinabalalika. Kuchipinda, mayi Veronika anauza Dailesi kuti ayambe kulongedza zitenje. A Vitus anakoka giya pa chiwongolero, dzanja likukumbukira lokha, ndipo wagoni inatuluka pansi pa mango n'kulowa mumsewu. Inadutsa chigayo, inadutsa tchalitchi. Itafika pa bwalo la sukulu inatsokomola katatu n'kuzima.

Pemphero anafika pa njinga yake yamoto, anamasula paipi ya mafuta, n'kuigogoda pa chikhatho. Munatuluka matope ofiira ngati fumbi la njerwa.

"Ndi dzimbiri, bambo," anatero motsitsa mawu. "Thanki ikakhala yopanda kanthu imachita thukuta m'kati. Ikanakhala yodzaza sikanatero."

A Vitus anayang'ana matopewo. Zaka zisanu ndi chimodzi ankaganiza kuti anaisamala.

"Kuitsuka kungatenge masiku angati?"

"Ndiyenera kupita nayo ku Kamwendo, mwina yabooka kale. Atatu, kapena anayi."

Kumadzulo kunagunda bingu, lakutali koma lalitali. Onse anatembenukira komweko. A Stefano anali atafika wapansi, akupuma movutikira, ndipo anaima atatsamira ambulera.

"Ya saluni singalowe?" anafunsa a Vitus, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ya saluni ndi yoima, ya wagoni ndi yogona," anatero Pemphero. "Komanso ija inaphwanyika."

"Anthu inu mumavutika ndi zinthu zapafupi," anatero a Stefano. "Injini imeneyi thanki inaiwala kalekale. Imamwera m'chigubu. Boolani apa, paipi idutse, chigubu chikhale pamapazi."

"M'mabampu paipi izituluka, bambo," anatero Pemphero. "Pafunika munthu woigwira njira yonse. Dailesi akhala kumbuyo ndi amayi, ine ndikhala pa njinga ndi zitsulo ndi petulo wina."

A Stefano anakonza tayi yawo. "Paipi imeneyo ndaigwira zaka zisanu ndi zitatu. Ndani wina akuidziwa?"

Ananyamuka Loweruka dzuwa litangotuluka. Amuna anayi ananyamula mayi Veronika ndi matiresi awo omwe, n'kuwalowetsa pa chitseko cha kumbuyo. Analowa onse, ndipo chitseko chinatsekeka, kutsala malo a dzanja limodzi. Dailesi anadzipinda pambali pa mayi ake ndi botolo la madzi. Mapepala a galimotoyo anali atatha kalekale, choncho a Vitus anasiya msewu wa tala n'kutsata misewu ya fumbi ya m'maesiteti, yomwe ankaidziwa ngati njira ya ku chitsime. A Stefano anakhala kutsogolo, chigubu chili pakati pa mapazi, paipi ataigwira ndi manja awiri.

"Mpando uwu ndi wa pa chigayo," anadandaula asanathe ndi kilomita imodzi. "Wailesi mulibe, wotchi mulibe. Munkadziwa bwanji nthawi?"

"Tinkafika, basi."

Mayi Veronika sankaona kanthu koma thambo ndi nsonga za mitengo, komabe njira ankaidziwa ndi msana. Matayala atalira pa matabwa anati, "Apa ndi pa mlatho wa kwa Zulu." Galimoto itayamba kutsetsereka pa mchenga anati, "Tayandikira esiteti. Bambo a Dailesi, chepetsani ndione mibulugamu."

Mibulugamu inali itadulidwa, kunatsala zitsa. A Vitus anachepetsabe liwiro. Zigafa za njerwa zinali zopanda madenga, ndipo pomwe panali bwalo la mpira wina anali atagalauza mizere ya soya. Ofesi ya a Stefano inalipo, koma pa khomo pake panali dzina la mpingo wina watsopano lolembedwa ndi penti ya buluu.

"Ilipo mibulugamu?" anafunsa mayiwo.

A Stefano ndi omwe anayankha. "Anadula, Nabanda. Koma mkuyu uja wa pa sikelo ulipo, pomwe munkagulitsira zitumbuwa."

"Inu munkadya ziwiri n'kunena kuti mukuyesa ngati zapsa."

"Inali ntchito ya ofesi imeneyo."

Dailesi anaseka, mayi ake nawo anaseka mpaka msana unawakumbutsa. Atadutsa esiteti anaima kawiri kuti Pemphero awonjezere petulo m'chigubu. Ulendo wachiwiri, Pemphero ali kalikiliki ndi fanulo, a Stefano anatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo, pa matiresi, nthawi yaitali. Kenako anayang'ananso kutsogolo.

"Consolata anagona pomwepo," anatero chapansipansi, kuti amve a Vitus okha. "Munayendetsa bwino tsiku lija. Bampu ngakhale imodzi sindinaimve. Pakamwa pokha ndi pomwe panalibe mabuleki."

"Panalibedi."

"Tiyeni, mitambo iyo."

Atadutsa Kapiri mphepo inasintha. Inabwera yozizira, yonunkhira dothi lonyowa, ikuulutsa mapesi m'minda. Pofika m'mphepete mwa dambo madontho oyamba anali atayamba kugwa pa galasi, akuluakulu, otalikirana. Waipa imodzi yokha ndi yomwe inkagwira. Njira inkadutsa pakati pa dambo, mikwasa iwiri ya ngolo pa dothi lakuda long'ambika, ndipo kutsidya kunkaoneka mitengo ya mango ya kwawo kwa mayi Veronika. A Vitus ankalidziwa dothi limeneli. Likauma limalimba ngati simenti, koma likangonyowa pamwamba limaterera ngati sopo.

Anaika giya yachiwiri. "Gwiritsani paipi, a Phiri. Pano sitiima."

Wagoni inalowa m'dambo. Mvula inakula nthawi yomweyo, ikuwomba denga lalitalilo ngati anthu akupuntha nyemba. Kumbuyo kunayamba kuvina, koma a Vitus ankakubweza ndi chiwongolero modekha, osaponda buleki, osawonjezera moto. Pakati penipeni panali dzenje lomwe sanalione. Galimoto inadumpha, mayi Veronika anabuula, chigubu chinapendekeka, ndipo paipi inatuluka. Petulo anakhavukira pa buluku la a Stefano. Injini inatsokomola, liwiro n'kuyamba kutsika.

A Stefano anagwada pansi, mutu uli kunsi kwa dashibodi, tayi ikuviika m'petulo. Anaimika chigubu ndi bondo, anapapasa paipi, n'kuibwezera mpaka pansi. Injini inatsokomolanso, kachiwiri, kachitatu, matayala akungokwawa. "Imwa, mwana wanga, imwa," a Stefano ankanong'ona. Kenako inagwira. Wagoni inakoka, ikumwaza matope mbali zonse, n'kukwera kamtunda ka kutsidya. Pemphero anafika pambuyo akukankha njinga yake, matope mpaka m'mawondo.

A Anasi anali pakhonde, atakhala pa mkeka, atafunda bulangete. Anali atachepa thupi moti a Vitus sakanawazindikira. Nkhope yawo inali italoza komwe kunkachokera phokoso.

"Imeneyo ndi galimoto ya alamu anga," anatero injini itazima. "Veronika ali momwemo?"

"Ndili muno, achemwali," mayi Veronika anayankha chitseko cha kumbuyo chitangotsegulidwa m'mwamba. "Koma kutsika sindingathe mpaka mvula ikate. Matiresi anyowa."

"Ndiye ndibwera ndine."

Dailesi ndi mdzukulu wa a Anasi, mayi wa ana atatu, anawanyamula pansi pa ambulera ya a Stefano n'kuwalowetsa m'wagoni. A Anasi anagona chammbali pafupi ndi mng'ono wawo, anamupapasa pamphumi, m'masaya, m'makutu.

"Wakalamba iwe," anatero.

"Inu ndiye mwatsala mafupa. Akuti mukukana kudya."

"Amaphika mopanda mchere anthu ake."

Amuna aja anaima pakhonde akuyang'ana madzi akutsika padenga. M'galimotomo mawu a amayi awiriwo ankamveka osalekeza, nthawi zina kuseka, nthawi zina chete. Kumunsi, mikwasa ya ngolo ija inali itasanduka timitsinje tiwiri.

"Bambo, ngati tikubwerera ndi galimoto, ndi pompano," anatero Pemphero. "Ikagwa chonchi mpaka mawa, dambo latseka."

A Vitus anapita ku chitseko cha kumbuyo n'kuwerama. Mayi Veronika anawayang'ana, dzanja lawo lili m'dzanja la a Anasi.

"Ine nditsala, bambo a Dailesi. Si za tsiku limodzi izi."

"Ndikudziwa."

"Mwachita zomwe munalonjeza. Pitani mukadzale."

Ali pamvulapo, a Vitus anaganiza za nyumba ya kwa Mavwere, chipinda chopanda munthu woitana, ndi miyezi isanu ya dambo lodzaza. Anabwerera pakhonde akudontha madzi.

"A Pemphero, munda uja mudzale ndi Dailesi. Mbewu ili m'chipinda chapakati." Kenako anatembenukira kwa a Stefano. "A Phiri, injini yanu ndimati ndibweza msanga."

A Stefano anali akufinya tayi yawo. Anayang'ana wagoni, anayang'ana dambo. "Mu Epulo," anatero. "Ndipo muimangire kachisakasa, isamanyowe. Ine andikweza a Pemphero mawa mpaka ku Kapiri, kenako adzatenge Dailesi, ngati njinga yawoyo ili ndi mpando wa munthu wamkulu."

Mvula itakata, achibale anabwera n'kunyamula amayi awiri aja kuwalowetsa m'nyumba. Mdzukulu uja anauza a Anasi kuti alamu awo sakubwerera, akhala konkuno mpaka dambo litaphwa. A Anasi anatembenuza nkhope yawo kufuna komwe a Vitus anaima.

"Zoona, alamu? Mwabwera kudzakhala pa chikamwini ndi imvi?"

"Ngati malo alipo."

"Malo alipo. Khasu lili kuseri kwa chitseko. Munda wa Veronika ndi uja wa kumunsi kwa chulu, ndipo sunalimidwe."